Onga Wowonjezera ndi Kutentha kwa Chigwa cha Zambezi

Funso: Zikomo akonzi, ine ndimakhala ku Mufakose muno mu Harare, ndipo ndikuphunzira ulenje pansi pa mlenje wovomerezeka. Zipolopolo zogula za mfuti yanga ya .375 H&H zakwera mtengo, choncho ndayamba kudzaza ndekha. Mu Okutobala tikukasaka njati ku Chewore, m'chigwa cha Zambezi. Kodi ndiwonjezere onga kuti njatiyo ikagwe msanga?

Yankho: Bambo, chonde musawonjezere. Musanapitirize n'komwe, kafunseni ku ofesi ya apolisi yolembetsa mfuti ngati zikalata zanu zikukulolani kusunga onga ndi kudzaza zipolopolo, pakuti lamulo la Firearms Act silisekerera pa nkhani imeneyi.

Mphamvu imene mukuifunafuna muli nayo kale. Malamulo a dziko lino amafuna kuti njovu, mvuu ndi njati zisakidwe ndi chipolopolo chosachepera mamilimita 9.2 m'lifupi ndi mphamvu ya makilojulo 5.3, ndipo .375 H&H, imene Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, imakwanitsa zimenezi ndi chipolopolo cholemera ma grain 300 chothamanga pafupifupi mamita 760 pa sekondi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi kutentha. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo zipolopolo zimene mwayesa kuno m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni zidzasintha khalidwe kuchigwa, kumene mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40. Onga ukatenthedwa umayaka mwaukali, mphamvu ya m'kati mwa mfuti imakwera, khoko la mkuwa losungira onga limafufuma n'kukanirira. Ndinaonapo mnzanga wina, titasiya zipolopolo padzuwa m'galimoto, akumenya bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo m'mfuti, ndi chikhatho kuti itseguke; titatulutsa khokolo, primer yake, kachitsulo ka kumbuyo koyatsa onga, inali itaphwatalala ngati yaponderezedwa ndi nyundo. Tsikulo tinkangowombera pepala. Mukanakhala inu m'zitsamba zowirira, njati yovulala ikubwera, nthawi yomenya bolt simukanaipeza. Akale ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mtundu wa chipolopolo wa .416 Rigby ya 1911 ili ndi khoko lalikulu chotero, kuti mphamvu ya m'kati ikhale yotsika m'mayiko otentha. Nayo .458 Winchester Magnum ya 1956 inaipitsa mbiri yake pamene onga wopanikizidwa unkagwirana m'khoko n'kumayaka mosadalirika.

Tsatirani buku la opanga ongawo, muyambire pa mlingo wotsika, ndipo muime musanafike pa wapamwamba. Khoko lililonse mulibwezere pa msinkhu wake lonse lathunthu, osati pakhosi pokha, ndipo mlomo wake muupinde kuti ugwire chipolopolo, chifukwa mfuti ikagunda paphewa zipolopolo zotsala m'magazini zimatha kukankhidwira m'kati mwa makoko ake. Musananyamuke, pamalo oyesera mfuti, lowetsani ndi kutulutsa chilichonse mwa zipolopolo zimene mutenge. Chokakamira ngakhale pang'ono chitsale kunyumba.

Alenje ambiri amayamba ndi chipolopolo cholimba bwino cha nsonga yofewa, zipolopolo zotsatira n'kukhala zolimba zosafufuma, koma pa ichi mverani amene akukuphunzitsani. Njati imagwa ndi chipolopolo cholowa pamalo pake: mutsatire mwendo wakutsogolo, mukwere gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi pa chifuwa. Mukafika ku Chewore, womberani pepala kawiri kapena katatu dzuwa lili paliwombo, muone mmene bolt ikutsegukira musanalowe m'tchire.