Google ikagonja m'khothi, kodi wogulitsa mafoni ku Limbe asinthe katundu?

Funso: Ndine mayi wochita bizinesi ya mafoni ku Limbe, ndipo katundu wanga ndimakaoda ku Dar es Salaam, makamaka Tecno ndi Itel. Amene amandipikulitsa wandiuza kuti ali ndi mafoni a Huawei atsopano pa mtengo wotsika kwambiri, kungoti alibe Play Store, sitolo ya Google yotsitsira mapulogalamu a pa foni. Iye akuti zimenezo ndisadandaule nazo chifukwa Google inagonja pa mlandu ku America ndipo mphamvu zake zatsala pang'ono kutha. Kodi ndiikepo mpamba wanga?

Yankho: Mayi, musaikepo mpamba wanu wonse, ndipo ngati ndalamazo munachita kubwereka ku banki m'khonde kapena kwa akatapila, musaikepo ngakhale tambala. Nkhani ya mlandu imene wakuuzani wopikulitsayo ndi yoona, koma wakuuzani theka lokha, ndipo theka limene wasiyalo ndi limene likukhudza thumba lanu.

Boma la United States linasumira Google mu 2020, ndipo mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta wa ku Washington anagamula kuti kampaniyo inaphwanya lamulo pofuna kukhalabe yokha pamwamba pa ntchito yofufuzira zinthu pa intaneti, ntchito imene pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse padziko lapansi amaigwirira pa Google. Umboni umene unatuluka m'khothimo ndi wofunika kuti aliyense wochita malonda aumve. Mu 2021 mokha, Google inalipira madola 26.3 biliyoni kwa opanga mafoni, eni mapulogalamu otsegulira intaneti ndi makampani a netiweki, n'cholinga choti munthu akangolemba funso pa foni yake, yankho lizichokera kwa iyo popanda munthuyo kusankha. Apple yokha inalandira pafupifupi madola 20 biliyoni mu 2022. Palibe kampani imene ingatulutse ndalama zochuluka chonchi mwachisawawa. Google ikudziwa kuti anthu ambiri sasintha chimene achipeza chili kale m'foni, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalama zake amachokera ku zotsatsa malonda zimene zimaonekera kwa anthu omwewo.

Chimene wopikulitsa wanu sananene ndi chilango chake. Mu Seputembala 2025 woweruza yemweyo anakana pempho la boma loti Google ikakamizidwe kugulitsa Chrome, pulogalamu yake yotsegulira intaneti, ndipo Android, pulogalamu yake yoyendetsera mafoni, anaisiyanso m'manja mwake. Anangoiletsa kupanga mapangano otsekereza anzake pakhomo ndi kuilamula kuti izigawirako opikisana nawo zina mwa zimene imasonkhanitsa pa ntchito yofufuzayo. Ku Ulaya nako Google inalipitsidwa chindapusa cha mayuro 4.34 biliyoni mu 2018, chifukwa chokakamiza opanga mafoni kuikiratu Chrome ndi pulogalamu yake yofufuzira ngati akufuna kupatsidwa Play Store, koma mpaka lero mafoni pafupifupi 7 mwa 10 alionse padziko akuyendabe ndi Android, ndipo kuno ku Africa chiwerengerocho n'chokwera kuposa pamenepo. Milandu yamtunduwu si yachilendo. M'chaka cha 2000 khothi la ku America linalamula kuti Microsoft igawidwe pawiri chifukwa chofinya Netscape, kampani yopikisana nayo pa mapulogalamu otsegulira intaneti, pogwiritsa ntchito Windows, chaka chotsatira khothi la apilo linathetsa lamulo logawalo, ndipo Windows ikadali m'makompyuta a m'maofesi athu. Munthu amene akuoda katundu woti agulitse mwezi uno sangadalire mlandu umene zotsatira zake zimaoneka patapita zaka.

Kuti mumvetse vuto la mafoni amene mwauzidwawo, muyenera kudziwa mmene Android imagwirira ntchito pa nkhani ya ndalama. Google inagula Android mu 2005, Apple isanatulutse iPhone yoyamba mu 2007, ndipo inasankha kuipereka kwaulere kwa aliyense wofuna kupanga foni. Koma chaulerecho ndi chigoba chabe. Play Store, YouTube, Gmail, Google Maps ndi zipangizo zina zobisika zimene mapulogalamu ambiri amatsamira kuti atumize mauthenga ndi kudziwa kumene munthu ali, zonsezo zimafuna chilolezo chapadera cha Google. Zili ngati msika waukulu umene mwini wake amalola aliyense kumanga benchi, koma geti, madzi ndi chiphaso zili m'manja mwake. Apple imachita zomwezo mokhwima kwambiri, chifukwa pulogalamu yake ya iOS saipereka kwa wina aliyense, ndipo makampani onse awiriwa akhala akudula mpaka 30 peresenti pa zimene anthu amagula kudzera m'masitolo awo a mapulogalamu, ngakhale kuti opanga mapulogalamu ang'onoang'ono amadulidwa 15 peresenti.

Huawei inataya chilolezo chimenechi mu Meyi 2019, boma la America litaiika pa mndandanda wa makampani amene saloledwa kugula luso la ku America popanda chilolezo cha boma. Pa nthawiyo inali kulimbirana malo oyamba ndi Samsung ndi Apple, ndipo mafoni ake anali abwino, makamaka kamera. Kuyambira pa Mate 30 kupita mtsogolo, mafoni ake atsopano anayamba kutuluka opanda Google, malonda ake kunja kwa China anatsika kwambiri, ndipo mu Novembala 2020 inagulitsa mtundu wina wa mafoni ake wotchedwa Honor kuti mbali imeneyo ipulumuke. Kwawo ku China Huawei ikadali yamphamvu, ili ndi pulogalamu yakeyake ya HarmonyOS, koma kumeneko ntchito za Google n'zotsekedwa kale ndipo anthu anazolowera zina. Kasitomala wanu wa ku Bangwe kapena ku Ndirande si wa ku Shenzhen ku China.

Taganizirani zimene kasitomalayo amachita akangotuluka m'shopu mwanu. Amafuna WhatsApp, Facebook, TikTok ndi YouTube, amafuna pulogalamu ya banki yake, ndipo ambiri manambala a abale awo anawasungira pa Gmail, ngakhale kuti ena sadziwa n'komwe kuti anatero. N'zoona kuti pa Huawei yopanda Google munthu wodziwa atha kuikapo WhatsApp poitenga pa tsamba lake la pa intaneti, ndipo pali sitolo ya Huawei yotchedwa AppGallery imene ili ndi mapulogalamu ena. Koma mapulogalamu ena amakana kutseguka, ena amachedwetsa mauthenga, ndipo nthawi yowakonzanso ikakwana munthu amafunika kuyambiranso ntchito yonse. Vuto lililonse lotere lidzabwerera pa kauntala panu, ndipo inu mudzakhala mukuwononga nthawi ndi bandulo yanu kukonza foni imene munapezapo phindu lochepa, kapena kubweza ndalama. Mtengo wotsika umene mwauzidwawo ndi mtengo wa vuto limeneli, lomwe wopikulitsayo akufuna kulichotsa m'manja mwake n'kuliika m'manja mwanu.

Amene anayamba kale bizinesi ya mafoni akukumbukira kuti zoterezi zinachitikapo ndi dzina lalikulu kuposa Huawei. Nokia inali kampani yogulitsa mafoni ambiri padziko lonse kwa zaka zoposa khumi, ndipo m'midzi mwathu dzina lake linkatanthauza foni yosafa. Mu 2011 mkulu wake Stephen Elop analengeza kuti asiya pulogalamu yawo ya Symbian n'kutenga Windows Phone ya Microsoft m'malo motenga Android. Mafoni a Lumia amene anatuluka anali olimba ndi okongola, koma opanga mapulogalamu sanafune kuwononga ndalama pa anthu ochepa, ndipo anthu sanafune kugula foni yopanda mapulogalamu. Instagram inafika mochedwa, Snapchat sinafike n'komwe, ndipo Google inatsekereza pulogalamu ya YouTube imene Microsoft inadzipangira yokha mu 2013. Microsoft inagula mbali ya mafoni ya Nokia pa mayuro 5.44 biliyoni, ndipo mu 2015 inavomereza m'mabuku ake kuti yataya madola 7.6 biliyoni pa malonda amenewo. WhatsApp inasiya kugwira pa Windows Phone kumapeto kwa 2019. Ngati kampani yolemera ngati Microsoft, imene inali kale ndi Windows ndi pulogalamu yake yofufuzira ya Bing, inalephera kukhazikitsa njira yachitatu pakati pa Android ndi iOS, wogulitsa wa ku Limbe asayese kuikhazikitsa ndi mpamba wake. BlackBerry inathanso mofananamo.

Mpikisano umene ukukupindulitsani inu uli pansi, pakati pa opanga mafoni amene onse akuyenda ndi Android. Tecno, Itel ndi Infinix zimene mumagulitsazo ndi za kampani imodzi ya ku Shenzhen yotchedwa Transsion, imene imagulitsa pafupifupi theka la mafoni amakono mu Africa. Kampaniyi sinalimbane ndi Google. Inatenga Android ndi chilolezo chake chonse, kenako n'kuika nzeru pa zimene ife timadandaula nazo: malo a masimu awiri kuti munthu akhale ndi Airtel ndi TNM pa foni imodzi, batire lokhalitsa kumene magetsi amavuta, kamera yojambula bwino khungu lakuda, ndi mtengo umene mlimi angakwanitse akagulitsa soya. Tsopano Samsung ndi mafoni ake a gulu la A, komanso Xiaomi ndi Redmi, akulimbirana kasitomala yemweyo. Pamenepo ndi pamene muyenera kunenerera mtengo, kufunsa kwa opikulitsa angapo ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, ndi kusankha amene akulonjeza kusintha foni yofika ili yowonongeka.

Pali chinanso chimene wogulitsa wa ku Malawi sayenera kuiwala. Katundu wanu mumamugula ndi ndalama zakunja zimene n'zovuta kupeza, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Foni imene yakhala pa shelefu miyezi itatu yamanga ndalama zimene zikanazungulira kangapo, ndipo foni siili ngati simenti kapena malata, imatsika mtengo mtundu watsopano ukangotuluka. Phindu la bizinesi yanu limachokera pa kuthamanga kwa katundu, osati pa kukula kwa phindu la foni imodzi.

Ngati mtima wanu ukufunabe kuyesa, tengani ochepa kwambiri, amene mukhoza kupirira ngakhale atapanda kugulidwa, ndipo mufunse dzina lenileni la mtundu uliwonse. Mitundu ya Huawei imene inavomerezedwa Meyi 2019 isanafike, monga P30, ili ndi Google, koma ndi yakale tsopano, choncho wina akanena kuti ndi yatsopano m'bokosi muyenera kukayikira. Mafoni a Honor amene anatuluka kampaniyo itapatukana ndi Huawei anabwezeredwa ntchito za Google. Yatsani foni pamaso pa wopikulitsa, mulowetse akaunti yanu ya Gmail, muone ngati Play Store ikutsitsa pulogalamu. Ndipo mukamagulitsa yopanda Google, muuzeni kasitomala momveka ndi kulemba zimenezo pa risiti, chifukwa kubisa chilema cha katundu ndi nkhani imene munthu atha kukadandaula ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC. Chenjezo lomweli likhudzanso ma iPhone akaunjika amene achinyamata amawakonda: mu 2025 WhatsApp inasiya kugwira pa iPhone 5s, 6 ndi 6 Plus, ndipo iPhone yokhomedwa ndi akaunti ya iCloud ya mwini wake woyamba ndi yongophwasula basi.

Funso: Ndili ndi malo otayipira, kusindikiza ndi kujambula makalata ku Mzuzu. Ndapeza makompyuta akaunjika otsika mtengo ochokera ku Johannesburg, onse ali ndi Windows 10. Kodi ndigule?

Yankho: Bambo, kutsika mtengoko kuli ndi chifukwa chake. Microsoft inasiya kupereka zokonza za chitetezo za nthawi zonse za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8. Maofesi akunja akutaya makina amene sakukwanira pa muyezo umenewu, ndipo ndi amenewo akudzaza misika yathu. Kompyuta yotere siifa tsiku limodzi, idzapitiriza kutayipa ndi kusindikiza, koma pa malo ngati anu pamene kasitomala aliyense amabwera ndi fulashi yake, makina opanda zokonza za chitetezo amagwidwa mavairasi msanga, ndipo ndi oopsa kuwagwiritsa ntchito polowa ku banki kapena polipira msonkho ku MRA.

Musanalipire, funsani m'badwo wa purosesa ya makina alionse, ndipo amene angalandire Windows 11 muwaike patsogolo ngakhale atakwererako mtengo. Otsalawo muwagule pokhapokha ngati mtengo wake ubwerera m'chaka chimodzi, muwasiye pa ntchito yotayipa ndi kusindikiza osawalumikiza ku intaneti, kapena mupeze katswiri awaikire Linux, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Koma muyambe mwayesa kompyuta imodzi kuti muone ngati pulinta yanu ikugwirizana nayo, ndiponso ngati makalata a Word amene makasitomala amabweretsa akutseguka osasokonekera.