Achimwene a ku Area 25, musabwereke ndalama yogulira treadmill

Kalata yanu ndinaiwerenga Lachitatu usiku, ndipo tulo sitinabwere msanga. Mwalemba kuti mwapeza chipinda ku Area 25 chomwe kale chinali golosale, mwasunga kandalama kuchokera kuntchito, ndipo mukufuna kubwereka zina kuti mugule ma treadmill (makina amagetsi othamangirapo) awiri ndi njinga yopalasa pamalo amodzi, kuti malowo "aoneke ngati jimu yeniyeni". Mukufunsa ngati maganizowo ali bwino. Mawu oti aoneke ngati jimu yeniyeniwo ndi amene andilasa mtima, chifukwa ndinawalankhulapo ine, ndi pakamwa pangapa, kwa mayi a kunyumba kwanga mu 2021.

Ndiloleni ndiyambe ndakuuzani za ineyo, yankho lanu mulipeza m'menemo.

Ine ndinayambira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ku Chilomoni. Tinali anyamata ochepa, ndipo zitsulo zathu tinkapanga tokha: zitini ziwiri za penti, timathiramo simenti ndi miyala ing'onoing'ono, pakati n'kulowetsa paipi. Zina zinali zitsulo zakutha za galimoto zomwe tinkakatola kwa amakaniko ku Ndirande, n'kupita nazo kwa owotcherera. Benchi inali thabwa lokhomera pa zitsa ziwiri. Palibe ankalipira, koma ikakwana 5 koloko madzulo malowo ankadzaza, ena kumadikira mpata atakhala pa njerwa. Ndikamaona gululo, mtima unkandiuza kuti apa pali ndalama. Ndinachita lendi galaja ya bambo wina m'mbali mwa msewu, n'kupaka penti, n'kukhoma galasi lalikulu pakhoma. Kenako ndinayamba kudziyerekeza ndi ma jimu a m'mahotela a m'tauni, ndipo manyazi anandigwira ndi zitini zanga zija. Ndinati munthu wa galimoto sangaime pano popanda makina othamangirapo.

Ndalama zinali zitatha. Mayi a kunyumba anakanditengera ngongole ku banki m'khonde yawo, pa dzina lawo, zotsalazo ndinakapempha kwa wakatapila. Ndinagula treadmill yogwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Tsiku lomwe inatsitsidwa pa lole, ana a m'dera lonse anabwera kudzaonerera. Ndinatsegula mu November 2021.

Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130 nthawi imodzi. Mukukumbukira mmene zinalili miyezi yotsatirayo. Magetsi ankazima m'mamawa ndi madzulo, nthawi zomwe anthu amabwera ku jimu, n'kudzayaka pakati pa usiku chitseko nditakhoma kale. Treadmill ija inasanduka poyanikira matawulo. Masiku omwe inkayaka, anyamata ankaithamangira mosinthana osaipumitsa, ndipo apa ndi pomwe ndinadziwa chinthu chomwe wogulitsa sanandiuze: makina aja anali a m'nyumba, opangidwira munthu mmodzi kapena awiri patsiku. Lamba wake anayamba kuterereka, injini n'kumanunkha ngati waya wopsa. Mu May chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mtengo woitanitsira lamba watsopano unakwera ndisanamalize n'kusonkhanitsa komwe ndalama za mtengo wakale.

Ngongole nayo sinkadziwa kuti magetsi azima. Wakatapila ankabwera tsiku lake osaphonya. Koma chomwe sindidzaiwala ndi Loweruka lina masana, amayi asanu a banki m'khonde atafika pakhomo pathu. Sanakalipe. Anayala zitenje pakhonde n'kukhala pansi, mlembi wawo n'kutsegula kope lachikuto chofiira pamiyendo. Anawerenga dzina la mayi a kunyumba, ndalama yomwe anatenga, chiwongoladzanja, ndi miyezi yomwe yadutsa. Mayi a kunyumba anali ataima pachitseko, manja ali ndi ufa chifukwa ankaphika, akungoyang'ana pansi. Awa anali anzawo a kutchalitchi, anthu omwe amaimba nawo kwaya limodzi. Anatuluka ndi firiji yathu, ndipo anali ndi ufulu wonse, malamulo a gulu lawo amatero ndipo ndalamazo zinali thukuta lawo. Madzulo a tsiku limenelo ndinapita ku galaja kuja, n'kukhala pa benchi mumdima, kuyang'ana makina osayenda aja mpaka usiku.

Ndiye mukandifunsa za ngongole ya treadmill, yankho langa ndi ayi, ndipo sindikunyengererani. Katundu yense wofuna magetsi komanso wodalira zipangizo zochokera kunja ndi msampha kwa munthu woyamba ndi mpamba wochepa. Mu November 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Chitsulo cha makilogalamu 20 chomwe ndinali nacho tsiku limenelo chinakhalabe makilogalamu 20, sichinafune waya kapena lamba, chinkangofuna kupukuta dzimbiri ndi kansanza ka oyilo.

Amene anandidzutsa si anyamata a minofu aja. Anali mayi wina wachikulire, mphunzitsi, yemwe anagogoda m'mawa wina ndikusesa. Anati kuchipatala amuuza kuti BP yakwera ndipo ayambe kuchita masewera olimbitsa thupi, koma amachita manyazi kuthamanga mumsewu ana a sukulu ake akumuona. Anafunsa funso limodzi lokha: "Aphunzitsi, pali nthawi yomwe anyamatawa kulibe?" Ndinati 5 koloko m'mawa. Sabata yotsatira anabwera ndi anzake awiri, mwezi usanathe anali khumi ndi mmodzi. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za treadmill. Tinkaikankhira kukhoma, kuyala makatoni ndi mphasa pansi, kuyatsa nyali ya sola ndi sipika ya batire, n'kuyamba ma aerobics, masewera olimbitsa thupi otsatira nyimbo. Pa 28 kapena pa 30, foni inkangolira, Airtel Money, Mpamba, wina ndi wina, popanda kukumbutsa aliyense. Firiji ina tinagula ndi ndalama za amayi amenewa.

Apa ndinena mosabisa, ngakhale ena akhumudwe. Anyamata onyamula zitsulo amakongoletsa jimu, amabweretsa phokoso ndi moyo, ndipo ine ndimawakonda chifukwa ndinachokera mwa iwo. Koma ambiri salipira. Sikuti ndi oipa mtima, ambiri ali pa ulova, ndipo ndalama ikapezeka imayamba yapita ku chakudya. "Man, ndikupatsani Lachisanu." Lachisanu likafika amabwera nthawi yomwe mwatuluka. Ndinali ndi kope lathunthu la ngongole zotere, ndipo theka la mayinawo anali anzanga a pansi pa mango paja, omwe ankaona kuti kuwalipiritsa ndi kuwanyoza. Alamu, asuweni, ana a aneba, onse ankalowa ndi chibale. Tsiku lomwe ndinalemba pachitseko kuti wosalipira salowa, ndinataya anzanga atatu, ndipo mmodzi mpaka lero tikakumana pa depoti amayang'ana kumbali. Zimandiwawabe. Koma lendi mwezi umenewo ndinalipira pa nthawi yake koyamba. Kwa anyamatawa ikani mtengo wa patsiku, wochepa, wolipira pakhomo asanagwire chitsulo. Amene mukufuna kumuthandiza, muthandizeni poyera: asese, apukute mabenchi, abwezere zitsulo m'malo mwake, imeneyo ikhale fizi yake.

Ndipo popeza ndatchula amayi, funso lomwe simunalifunse m'kalata yanu ndi lomwe ndikufuna muliyankhe msanga: chimbudzi chili kuti? Chili ndi chitseko chokhoma mkati? Pali posinthira zovala? Madzi alipo? Mayi wopita kuntchito 7:30 sangabwere kwa inu ngati alibe posamba m'manja ndi kumaso. Ine ndinawononga ndalama pa galasi lalikulu pamene chimbudzi chinali chotchinga ndi chiguduli. Komanso muteteze ulemu wawo. Tsiku lina mnyamata anajambula mayi wina akudumpha chingwe n'kutumiza pa gulu la WhatsApp. Mayiyo sanabwerenso, ndipo anzake awiri anasiya naye limodzi. Ndinapita kunyumba kwake kukapepesa pamaso pa amuna ake, koma chidaliro chinali chitasweka kale. Kuyambira pamenepo, wojambula mnzake popanda chilolezo ndimamubwezera ndalama yake n'kumutsanzika, kaya akhale kasitomala wakale bwanji. Inunso ngati mphunzitsi, manja anu asamale. Funsani musanagwire munthu pomuwongola msana, ndipo za zibwenzi ndi makasitomala muziiwale, zimagwetsa bizinesi mwachangu kuposa kuzima kwa magetsi.

China chomwe chimandipweteka mtima ndi mankhwala okulitsa minofu. Adzabwera anthu ndi timabotolo ndi majakisoni m'chikwama, kukupemphani kuti muzigulitsira anyamata anu, phindu n'kugawana. Akanizeni pakhomo pomwepo. Mankhwala amenewa amaononga chiwindi ndi mtima, amakweza BP, ndipo mnyamata wa zaka 19 sangazione zimenezo pagalasi. Thupi limakula ndi nsima, nyemba, soya, mazira, usipa, mtedza ndi tulo tokwanira, pang'onopang'ono. Ndipo inu si dokotala. Munthu akakuuzani kuti ali ndi BP, shuga, mphumu kapena ndi woyembekezera, muuzeni akayambe waonana ndi achipatala, ndipo muyambe naye mofatsa. Lembani nambala ya wachibale wake m'kaundula. Akamva chizungulire kapena kuwawa pachifuwa, masewera athere pomwepo, muthamange naye kuchipatala.

Za owotcherera

Ku Lilongwe kuli amisiri ambiri owotcherera, ndipo akhoza kukupangirani benchi, choikapo chitsulo cha ma squat (kunjuta ndi kudzuka chitsulo chili pamapewa) ndi chokwerapo ndi manja pamtengo wotsika kwambiri kuyerekeza ndi za m'sitolo. Koma musasankhe wotchipa. Pitani ndi miyeso, sankhani nokha chitsulo chochindikala, ndipo katunduyo akatha muikeni zolemera zoposa zomwe kasitomala wanu wamphamvu anganyamule, mugwedeze, muone ngati powotcherera pakung'ambika. Benchi yanga yoyamba inathyoka mwendo munthu ali chigonere ndi chitsulo pachifuwa. Mwamwayi panali anthu awiri omugwirira. Kuyambira tsiku limenelo Lolemba lililonse ndimayendera mabawuti onse ndi sipanala ndisanatsegule.

Za mapepala

Kalembetseni dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, ndi laisensi ya malo ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Makampani akafuna kulipirira antchito awo amafunsa zimenezi, ndipo inu muli pafupi ndi Kanengo komwe kuli mafakitale ambiri.

Koma pepala lofunika kuposa onsewa ndi la eni nyumba. Anga atangoona galimoto zitatu zitaima panja m'mawa, lendi inakwera mwezi wotsatira, chifukwa tinangogwirizana pakamwa. Lemberanani, pakhale mboni, mugwirizane kuti lendi isakwere kwa chaka, komanso kuti pansi pakasweka ndi zitsulo akonza ndani. Pansi padzasweka ndithu, choncho yalanipo zidutswa za matayala akale kapena labala wochindikala. Auzeninso za phokoso. Sipika ya 5 koloko m'mawa ikhoza kukudanitsani ndi aneba onse, ine ndinachita kupita khomo ndi khomo kukapepesa ndi kugwirizana nawo kukula kwa mawu. Mudziwenso kuti chaka sichiyenda mofanana. January amadzaza anthu ofuna kuchepetsa za Khirisimasi, koma ndi mwezi womwewonso wa fizi, ndiye ambiri amapempha kulipira theka. June ndi July kukazizira gulu la m'mawa limachepa, mvula ikamagwa m'bandakucha nawonso sabwera. Ndalama ya miyezi yabwino musaidye yonse. Ine ndinatsegula nambala ya foni ina yolandirira za jimu zokha, chifukwa zikasakanikirana ndi za ndiwo simudziwa ngati mukupindula kapena mukungozungulira.

Ndiye kandalama mwasungako chitani nako chonchi. Patulani lendi ya miyezi itatu, musaikhudze. Konzani chimbudzi ndi posinthira. Zotsalazo mugule mipiringidzo iwiri, zolemera zake, ma dumbbell (tizitsulo tonyamula ndi dzanja limodzi) ochepa kuyambira opepuka kwambiri, benchi imodzi yolimba, zingwe zodumphira, zoyala pansi, sipika ya batire ndi nyali ya sola. Njinga yopalasa ija, ngati ndi yosafuna magetsi, idzagulidwe ndi phindu la miyezi isanu ndi umodzi yoyamba.

Musanasaine chilichonse ndi eni chipindacho, dzukani 5 koloko masiku atatu otsatizana, mukaime pakhomo pake. Werengani anthu othamanga ndi oyenda mumsewu, muone ngati pali kuwala koti mayi angafike yekha osaopa, ndipo mulankhule nawo asanu kapena khumi, muwafunse ndalama yomwe angakwanitse pamwezi. Mukatero mundilemberenso, mundiuze mwapeza angati, komanso za chimbudzi chija.