Kwa abale athu ongofika kumene ku Joni: za matikiti a ndege obwerera kumudzi

Sabata yatha kuno ku Mangochi tinamva za mnyamata wina wa ku Namwera yemwe anabwezedwa pa bwalo la ndege la O.R. Tambo akuthamangira maliro a mayi ake. Ndalama anatumiza kwa munthu wa pa WhatsApp wodzitcha ejenti, ndipo analandiradi pepala lokhala ndi dzina lake, koma pa kauntala anamuuza kuti mpandowo unangosungitsidwa osalipiridwa, ndipo unafafanizidwa kale. Mphwanga amene wangofika ku Durban wandifunsanso za matikiti otsika mtengo, choncho ndati ndikulembereni nonse pamodzi.

Choyamba, kusungitsa mpando si kugula tikiti. Wosungitsa amapatsidwa zilembo zisanu ndi chimodzi zosakanikirana ndi manambala, ndipo akuba amadalira zimenezi chifukwa zimaoneka zenizeni kwa masiku ochepa, pamene tikiti yolipiridwa imakhala ndi nambala yaitali ya manambala 13. Musanapereke ndalama yonse, lowani pa webusaiti ya kampani ya ndegeyo, lembani zilembozo ndi dzina la bambo anu monga lilili mu pasipoti, ndipo muone ngati nambala yaitaliyo ilipo. Ngakhale wokugulitsaniyo akhale wakwathu, wolankhula Chiyao chokoma, wopemphera nanu mumzikiti kapena m'tchalitchi chimodzi, onani ndi maso anu.

Chachiwiri, chimene chimatsitsa mtengo ndi tsiku limene mwasankha komanso kugula msanga. Mu Disembala, pa Isitala ndi pa Idi aliyense amafuna kumudzi, choncho mipando yotsika mtengo imatha msanga ndipo wogula mochedwa amalipira yodula. Ngati abwana akulolani, nyamukani pakati pa sabata, ndipo gulani kudakali miyezi iwiri kapena itatu. Pa Google Flights mungayerekeze mitengo, koma polipira pitani ku kampani yeniyeniyo. Malawi Airlines ndi Airlink zimachoka ku Johannesburg kubwera kuno, ndipo ife a ku Mangochi tili ndi mwayi wosankha kutsikira ku Chileka n'kudzera ku Zomba ndi Liwonde, kapena kutsikira ku Lilongwe. Onani mitengo yonse iwiri n'kuwonjezapo ya minibasi ndi malo ogona ngati ndege ifika madzulo. Musamangotumiza ndalama kumudzi kuti akugulireni musanayerekeze ndi mtengo wa m'marandi, pakuti chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya kuno inasintha kwambiri.

Chimene chinandipweteka ine n'cha matikiti awiri osiyana. Ndinkachokera ku Cape Town, ndege ya kampani ina inachedwa popanda wotiuza chifukwa, ndipo nditafika ku Johannesburg ya ku Chileka inali itapita. Kampani yoyambayo inati udindo wake unathera pondifikitsa, yachiwiriyo inati sindinabwere, ndipo inafafaniza ngakhale ulendo wanga wobwerera. Mtsikana wa pa kauntala sanandiyang'ane n'komwe, ndipo ndalama zimene ndinasungira malata a nyumba zinathera pa tikiti ina. Mukagula matikiti osiyana, siyani maola ambiri pakati pake.

Katundunso muwerengeretu, chifukwa matikiti ena otsika mtengo, makamaka a m'kati mwa South Africa, salola sutikesi yaikulu mpaka mulipire padera, ndipo kulipirira pa bwalo kumadula kuposa pa intaneti. Mabulangete, mapoto ndi mawayilesi tumizani pa basi kapena kwa amatransipota odzera ku Mwanza.

Chomaliza ndi masiku a mu pasipoti. Amalawi timapatsidwa masiku 30 polowa mu South Africa, ndipo wopyola masiku ake amadindidwa potuluka kuti asalowenso kwa chaka chimodzi, kapena zaka zisanu ngati wapyola ndi masiku oposa 30. Ngati masiku anu anatha kale, musagule tikiti yopita ndi kubwera, chifukwa mbali yobwererayo simudzaikwera.