Mwana wanga akufuna bethidei ya m'buku la zinjoka, ndiyambire pati?

FUNSO: Anti, mwana wanga wamkazi akukwanitsa zaka 8 mwezi wamawa ndipo pali buku lomwe walikonda koopsa, la nthano zija za dziko longopeka muli zinjoka zouluka, mapanga ndi chuma chobisika. Ndiye akuti bethidei yake ikhale ngati m'bukumo. Ine bukulo sindinawerenge, zithunzi zomwe ndikuona pa intaneti zikungondibalalitsa mutu, komanso anzake 10 omwe tikuitana ambiri bukuli salidziwa. Ndiyambire pati? Mayi wothedwa nzeru.

YANKHO: Mayi, zithunzizo zisiyeni kaye. Khalani pansi ndi mwanayo akufotokozereni nkhaniyo pakamwa, mumufunse pomwe pamamusangalatsa kwambiri komanso kuti akanakhala m'bukumo akanakhala ndani. Chomwe azingobwerezabwereza ndichomwe mumangirepo phwando lonse basi. Ana a msinkhu umenewu zokongoletsa amangoziona kamodzi nkuiwala, chomwe amafuna ndi kusewera nkhaniyo iwo eni, ndiye mphamvu zanu zipite pamenepo.

Apangireni ulendo. Tinene kuti chinjoka chataya dzira lake ndipo anawo ndi omwe akalipeze. Tengani pepala mulinyike mu tiyi wopanda mkaka, liume, mung'ambe m'mphepetemu lioneke lakalekale, kenako jambulanipo mapu a nyumba ndi panja koma malo ake muwatchule maina a m'bukumo, kunsi kwa tebulo mwaphimba ndi bulangete likhale phanga, mipando mwaindanda ukhale mlatho. Mapuwo muwadule zidutswa 4 kapena 5, chidutswa chilichonse azichipeza akamaliza kantchito kenakake.

Kantchito kamene ndimakakonda ine ndi kalata yobisika. Mulembe ndi madzi a mandimu pogwiritsa ntchito kathonje, akauma papepala sipaoneka kanthu, ndiye ana akaipeza munthu wamkulu aisite ndi ayironi iwo akuonerera, mawu aja amayamba kutuluka pang'onopang'ono a bulawuni chifukwa pomwe padutsa mandimu pamapsa msanga kuposa pepala lonse. Mudzamva kukuwa kwake! China, wiritsani kabichi wofiirira uja musefe madzi ake, amakhala a pepo. Mwana akadonthezamo mandimu amasanduka a pinki, wina akathiramo soda wophikira amapita ku buluu kapena girini, ndipo mukathira vinega momwe muli sodamo thovu limafufuma mpaka kusefukira, ndi mpweya wa carbon dioxide umenewo. Muyeseretu nokha dzulo lake, ndipo muwauze anawo kuti izi sizakumwa ayi.

Tsono za anzake osadziwa bukuwo, apa ndipomwe ndikufuna musamale kwambiri chifukwa zimawawa mwana kuitanidwa kuphwando nkumangoima pambali osamva zomwe zikuchitika. Mafunso opikisana a za m'buku asakhalepo, apambana ndi mwana wanu yekha ena nkumangoyang'ana. Akangofika onse, mwini bethidei afotokoze nkhaniyo mwachidule, mphindi 5 zakwana, kenako aliyense apatsidwe udindo wake, wina wosunga mapu, wina wonyamula tochi, wina wowerenga makalata, wamanyazi uja mumupatse kiyi wa bokosi lomwe mwabisamo dziralo kuti onse azimufuna. Dziralo likapezeka (baluni yomata mapepala ikauma imakhala dzira labwino zedi) zomwe zili m'katimo zikhale zokwanira aliyense mofanana. Zovala musawavutitse nazo makolo, katoni ndi makrayoni patebulo aliyense adzipangire chishango kapena chipewa chachifumu pomwe mukudikira ochedwa.

Pa khadi loitanira lembani poyera mutu wa phwandolo, makolo ena nkhani zokhala ndi matsenga sagwirizana nazo ndipo ndi bwino adziwiretu kusiyana nkudzakhumudwa mwana atabwerako. Pompo afunseni ngati mwana wawo pali chakudya chomwe chimamuwenga, makamaka mtedza, mazira ndi mkaka poti mu keke zimapezekamo.

Maola awiri akwana, kupitirira apo amatopa nkuyamba kukangana. Ulendowo ukhale koyambirira adakali ndi mphamvu, keke pambuyo. Ndipo chonde nthawi ya makandulo aliyense amene wavala mkanjo wolendewera auvule kaye, nsalu zopepuka zotere moto zimaugwira msanga. Baluni ikaphulika tolani zidutswa nthawi yomweyo, zimatsamwitsa ana osakwana zaka 8, ndiye ngati kukubwera azing'ono awo pakhale wamkulu mmodzi woyang'anira iwowo basi. Malupanga ngakhale a katoni ine sindingakulimbikitseni, ana 10 ali ndi malupanga m'manja wina alira ndithu.