Alamu, za mabisiketi a eggnog aja

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno kukucha kumene, ndi 6 koloko, ndiye kwanuko ikhala 1 koloko masana. Ndaona funso lanu pagulupa, za mabisiketi ndinaika chithunzi dzana aja, kuti eggnog ndi chiyani, mungakaipeze kuti mu Blantyre, ndiponso ngati muli mowa poti amayi adzadya nawo. Ndati ndingolankhula, zala zauma ndi kuzizira, kulemba sindingathe.

Musavutike n'kuzungulira m'mashopu. Eggnog ndi chakumwa chabe: mkaka, kirimu, shuga, mazira, ndi chokometsera chonunkhira chotchedwa nutmeg pamwamba. Kuno ku America amagulitsa m'makatoni ngati mkaka, koma nyengo ino yokha. Imayamba kuoneka chakumapeto kwa Okotobala, chaka chikangotembenuka yasowa. Ena amathiramo rum kapena brandy pomwa, koma m'mabisiketi angawa mulibe ngakhale dontho. Amayi adye mtima uli m'malo.

Ndikuuzeni chilungamo, dzinali ndi lomwe limaopsa. Mu mtanda wonse mumalowa theka la kapu ya eggnog basi. Chimene anthu amachimva m'kamwa n'kumati eee, Khirisimasi yafika, ndi nutmeg ndi chachikasu cha dzira. Chaka chatha katoni inandithera usiku, ndinapanga yanga pa chitofu, anzanga akutchalitchi anadya n'kunyambita zala, palibe anazindikira.

Ndiye yambani ndi imeneyo. Kapu imodzi ya mkaka, wonona bwino, osati wosungunuka ngati madzi. Ngati ndi waufa, uchulutseni pang'ono posungunula. Tengani mazira awiri, mupatule zachikasu zokha, muzimenye ndi foloko pamodzi ndi masupuni awiri aakulu a shuga. Mkaka uja mutenthetse, usawire, n'kumathira pang'onopang'ono m'mazira muja uku mukutakasa. Mukakhuthula wonse kamodzi mazira apsa, mupeza mibulu ngati nsima ya mwana wophunzira kuphika. Bwezerani mu poto, moto wochepa, muzitakasabe mpaka ikhuthale moti ikumatirira kumsana kwa supuni. Mukadutsitsa chala pasupunipo mzere uzitsala. Tsirani nutmeg pang'ono, muisiye izizire kwathunthu. Kwathunthu, alamu, mukuthamanga inu ndimakudziwani.

Tsopano mtanda. Dikirani ndione pakapepala kanga... eya. Fulawa makapu awiri ndi kota. Baking powder masupuni awiri a tiyi. Mchere theka la supuni ya tiyi, sinamoni theka, nutmeg theka. Batala magalamu 170, ndiye kuti kapu yosadzaza, magawo atatu a magawo anayi. Shuga kapu imodzi. Zachikasu za mazira ena awiri, vanila supuni imodzi ya tiyi, ndi theka la kapu ya eggnog yanu ija. Zoyera za mazira zotsalazo musataye, mukazingire ana m'mawa.

Batala ndikudziwa mtengo wake kumeneko, majarini akwana. Koma mutenge wa njerwa uja wophikira makeke, osati wofewa wam'kontena wopaka pa buledi, uja ali ndi madzi ambiri ndipo mabisiketi amangophwasuka. Ndipo poti majarini amakhala kale ndi mchere, chepetsani mchere winawo. Shuga wathu wabulauni ndi wokhakhala kusiyana ndi wakuno, ndiye pomenya ndi majarini musatope msanga. Mthiko ugwire ntchito mpaka ziyere, zipepuke. Mukatero ikani zachikasu, vanila, eggnog, kenako fulawa wosefa pamodzi ndi zokometsera zija. Apa pokha musakande ngati mandasi. Fulawa akangosowa, lekani. Mukapitiriza atuluka olimba, amayi mano aja mukuwadziwa.

Za nutmeg ndiyankhulepo pang'ono, chifukwa nkhani yonse ili pamenepa. Mukapita ku Limbe, m'mashopu a amwenye ogulitsa zokometsera ndiwo, funsani yathunthu. Ndi kanjere kabulauni, kolimba, kukula kwake ngati nsonga ya chala chachikulu cha kumanja. Mumangokapala pa chopalira chaching'ono pomwe mukufuna, kotsalako kamakhala zaka kasanathe fungo. Yaufa yam'botolo ikakhalitsa pa shelefu imasanduka fumbi, mutha kuthira supuni yonse osamva kanthu. Koma yopala kumene ndi yaukali, musapitirize theka la supuni lija. Ine chaka choyamba ndinkati ndionetse ukatswiri, ndinathira masupuni awiri. Anawawa ngati mankhwala a malungo, bambo akunyumba anadya imodzi mwaulemu basi, otsalawo anathera m'bini.

Mdani wanu weniweni kumeneko ndi kutentha. Mabisiketi amenewa anawapangira dziko loti Disembala kumagwa chipale. Ine mtanda ndimatha kuuika pakhonde n'kuuma wokha. Kwanu ndi nthawi ya dzinja, kotentha ndi chinyezi, majarini asungunuka musanamalize n'kusakaniza komwe. Ndiye mtanda ulowe mufiriji ola lathunthu. Magetsi akakhala kuti athawa, ikani mbaleyo m'beseni la madzi ozizira a mumtsuko, ndipo muphike m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Uvuni muyatsiretu, madigiri 180. Mukaona penapake alemba 350 musadabwe, ndi kawerengedwe kakuno ka Fahrenheit, n'chimodzimodzi. Tapani ndi supuni yaikulu, timipira ngati dzira la nkhunda lokulirapo, mutalikitse pathireyi chifukwa amatambasuka. Mphindi 11 mpaka 13. Musadikire kuti afiire pamwamba ngati masikono, amenewa amakhala otuwa. Nyamulani imodzi muone kunsi, kukachita golide pang'ono, apsa. Amaoneka ngati osapsa pakati, koma amalimba akamazizira. Muyeso umenewu umatulutsa cha m'ma 24.

Pambaula zimathekanso, monga amayi amachitira chigumu. Mchenga pansi pa sefuliya yaikulu, thireyi pamwamba pa mchengawo, makala ambiri pachivindikiro, ochepa pansi. Yesani ndi awiri kaye muone moto wanu, musaike onse n'kulira nawo.

Zoyera mwaziona pamwamba pachithunzi zija ndi icing sugar, shuga wosalala ngati ufa, kapu imodzi, ndi masupuni awiri aakulu a eggnog yotsala ija. Mupake atazizira, n'kupalira nutmeg pamwamba. Kungoti yopanga nokhayi ili ndi mkaka ndi dzira, ndiye ndi kutentha kwanuko ine ndikadakhala inu ndikadapaka tsiku lodya lomwelo. Osapakawo sungani m'chitini chotseka bwino, apo ayi chinyezi chiwafewetsa ngati buledi. Mukaphika pa 23 afika bwinobwino pa 25.

Iii, kamwana kadzuka uko, ndikumva kulira. Mukaphika mundijambulire, kunsi komwe, ndione mtundu wake. Ndipo chitinicho mubise, achimwene ali pagulu pompano, amva zonse. Mupereke moni kwa amayi.