Kwa mayi a ku Mbare ofunsa za chidendene ndi kukokana kwa miyendo

Pepani kwambiri mayi athu. Mwati mumagulitsa tomato ndi anyezi ku Mbare Musika mumzinda wa Harare, chiimirire kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, ndipo m'mawa chidendene chimawawa, usiku miyendo imakokana. Ena akukuuzani kuti munaponda mankhwala. Chonde musalole munthu akutemeni mphini kuphaziko. Zimene mwafotokozazi n'zodziwika bwino kuchipatala, ndipo ndi mavuto awiri osiyana.

Pansi pa phazi pali mtsempha wolimba wochokera kuchidendene kukafika kuzala. Munthu akamaima nthawi yaitali pa simenti atavala mapatapata opyapyala, mtsemphawu umatopa n'kuvulala pamene wagwira fupa la chidendene. Madokotala amati plantar fasciitis. Mukagona umafupika, n'chifukwa chake mukangotsika pabedi mumamva ngati mwaponda msomali, mukayendayenda ululu n'kucheperako, madzulo n'kubweranso. Vutoli limakonda kugwira anthu a zaka 40 mpaka 60, makamaka thupi likanenepako.

Chachikulu ndi kuuwongola tsiku lililonse. Musanadzuke, khalani pabedi mutatambasula mwendo, kolekani chitenje kuphazi cha kuzala, muzikokera kwa inu bondo lili chiwongokere, masekondi 30, katatu. Masana gwirani khoma, mwendo wowawawo uli kumbuyo, chidendene chili pansi, mutsamire kutsogolo mpaka mumve katumba akukoka. Madzulo ikani pansi botolo la madzi oundana, muziligudubuza ndi phazi mphindi 10 kapena 15. Magetsi akazima, madzi ozizira m'beseni amathandizakobe.

Nsapato ndiye musazinyalanyaze. Ndikudziwa ndalama ikuvuta, koma ngakhale pa kaunjika ku Mupedzanhamo mungapeze nsapato zothamangira zokhuthala pansi, ndipo zimenezo zimaposa mafuta onse opaka amene mungagule. M'nyumba musayende opanda nsapato pa simenti. Pamalo ogulitsira yalani katoni wopinda, mukhalenso ndi kampando kopumirapo makasitomala akachepa. Brufen amachepetsa ululu kwa masiku ochepa, koma ngati muli ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso, BP kapena muli oyembekezera, funsani anamwino kaye. Musataye mtima, vutoli limachedwa: limatenga miyezi, koma ambiri amachira chaka chisanathe.

Kukokana kwa usiku nthawi zambiri kumabwera chifukwa akatumba atopa ndi kuima. Kusowa madzi m'thupi kumawonjezera, makamaka kukatentha mu Okutobala, ndipo ndikudziwa amayi ambiri pamsika amadzimana madzi poopa za chimbudzi. Imwanibe. Mwendo ukagwira, uwongoleni, kokerani zala cha kumaso kwanu, kapena imirirani muponde ndi chidendene, kenako sisitani katumbayo ndi nsalu yofunda. Kuwongola kwa pakhoma kuja muzichitanso musanagone. Mankhwala ena a BP, aja okodzetsa, amathanso kuyambitsa kukokana. Musawasiye nokha, kauzeni akuchipatala aone chochita. Quinine musamwe chifukwa cha kukokana, ngakhale wina akulimbikitseni, ndi woopsa.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kuwawa osasiya, makamaka mutangotsika basi yochokera kumudzi kudzera ku Tete ndi Nyamapanda mutakhala maola ambiri osatambasula miyendo, mwina magazi aundana mumtsempha. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukayamba kubanika thamangirani kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe. Ngati mapazi achita dzanzi, akuyaka ngati moto usiku, kapena pali chilonda chosapola, kayezetseni shuga ku kiliniki ya khonsolo. Kumeneko mukawasonyezenso mankhwala onse amene mukumwa panopa.