Funsani Malume: Nthenga zoyera pamutu pa mfumu ku Windsor

FUNSO: Malume, ndimasamalira okalamba ku Slough kuno ku England. Lolemba lina mu June agogo ena anakana kudya mpaka ataona pa TV Mfumu Charles ikuyenda wapansi ku Windsor, itavala chimkanjo chabuluu ndi chipewa cha nthenga zoyera. Ine ndimayesa maliro, koma anthu ankawomba m'manja. Chinali chiyani? — Nachisale, Slough

YANKHO: Nachisale mwanangu, sanali maliro. Munaona Garter Day, tsiku limene gulu la ulemu waukulu koposa ku England, Order of the Garter, limakumana chaka chilichonse. Gululi analiyambitsa ndi Mfumu Edward III mu 1348, koma mwambo wapachakawu unazilala kwa nthawi yaitali mpaka George VI anaudzutsa mu 1948, gululo litakwanitsa zaka 600.

Dzinalo musachite nalo mantha. Garter ndi kalamba komangira sokosi kuti isatsike. Abambo amakamanga kunsi kwa bondo lamanzere, amayi pamkono wamanzere. Pali nthano yoti kalambaka kanagwa kwa mayi wina pa dansi, anthu n'kuyamba kuseka, mfumu n'kukatola ikunena mu Chifalansa kuti manyazi amgwire woganiza zoipa. Mawu amenewo ndiwo alembedwa pa kalambako mpaka lero. Nthanoyi ine ndimaimva ngati za kumphala, koma ikoma.

Chimene chimandigwira mtima ndi kuchepa kwa mipando. Kupatula mfumu, mwana wake wodzalowa ufumu, achibale ndi mafumu akunja, mipando ilipo 24 basi. Palibe kufunsira, ndipo nduna yaikulu ilibe chonena. Amasankha ndi mfumu yokha, ndipo mayina atsopano amakonda kulengezedwa pa 23 April, tsiku la George Woyera. Kawirikawiri mpando umapezeka wina akatisiya. M'tchalitchi cha St George's ku Windsor komweko aliyense ali ndi pokhala pake, mbendera yake ikulendewera pamwamba. Akamwalira mbenderayo imatsitsidwa, koma kachitsulo ka chizindikiro chake kamatsala kokhomedwa pampandopo, kena kazaka mazana. Winston Churchill analowa mu 1953, Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1954 ngati mfumu yakunja. Amayi osakhala a banja lachifumu anawatsegulira khomo mu 1987, ndipo Baroness Amos, wobadwira ku Guyana, anakhala munthu wakuda woyamba pa mipando 24 ija mu 2022. Zaka 674 kudikira, kuchedwatu kumeneko.

Pa tsikulo atsopano amavekedwa m'mawa m'nyumba yachifumu, onse n'kudya nkhomaliro, kenako n'kutsetsereka wapansi kupita kutchalitchi, asilikali opuma otchedwa Military Knights of Windsor ali patsogolo. Pobwerera amakwera ngolo za akavalo, poti ambiri ndi achikulire ndipo chimkanjo chija, cha nsalu yolemera ya velveti, m'dzuwa la June si masewera.

Windsor ili pakhomo panu pomwepo. Matikiti ochepa amaperekedwa kwa anthu wamba, koma amafunsidwa kumayambiriro kwa chaka. Mukafunse awiri, agogowo adzaone nthengazo ndi maso.